Dongo la Amayi

Lolemba m'mamawa ndatunganso madzi
pomwe ngalande ya ofufuta zikopa a ku Fezi
imasanzira mumtsinje.
Ndi obiriwira ngati ndulu.
Bulu wa Larbi, zikopa zonyowa zili pamsana,
wawanunkhiza n'kukhotetsa khosi.
Bulu amadziwa kale. Ife timafuna manambala.

Mu labotale ndili ndekha ndi wailesi yosasa mawu.
Ndayeza magalamu awiri a dongo,
lomwe lija amayi ankanyika m'mbale yamkuwa
n'kundipaka m'tsitsi tsiku losamba,
ine ndikulira kuti landilowa m'maso.
"Khala phee, Zhor, dongo siliba kanthu,
limangotenga litsiro."

Ndalipera, ndalisefa, ndaliumitsa mu uvuni,
ndalithira m'botolo la madzi andulu aja.
Makina agwedeze maola atatu.
Ndikudya buledi ndi maolivi, maso ali kukhoma.

Dongo lili ngati buku la masamba opyapyala,
pakati pa tsamba ndi tsamba pali pogona alendo.
Kromiyamu afika, mtovu ufika,
mchere umene unkagonapo upinda mkeka wake n'kutuluka.
Zonsezi popanda phokoso.
Ungaike khutu pagalasi, sumva kanthu.

Bambo anaima m'maenje a zikopa zaka makumi atatu,
madzi akulekeza m'ntchafu.
Zilonda za m'manja mwawo sizinkapola,
ankanyema buledi ndi nsonga za zala.
Sindinawayezepo magazi.
Pamene ndinkaphunzira kuyeza, n'kuti tawaika kale.

Ndasefa.
Nambala yatsika kuchoka pa makumi asanu ndi atatu kufika pa sikisi.
Si akumwa ayi, ngakhale bulu sangalole,
komabe ndaima kanthawi botolo lili m'manja
ndikuonera zenera kudzera m'madzimo.
Dokotala Lamrani angoti, "Bwereza katatu,"
n'kubwerera ku foni yawo.

Chimene sitilemba pamwamba pa lipoti ndi ichi:
papepala losefera patsala phala lotuwa,
dongo lakhuta zimene mtsinje ukanamwa.
Ndilitaye kuti?
Kuphiri kumene linakumbidwa silingabwerere.
Kudzala, mvula idzalifunsa ndipo lidzaulula zonse.

Abdelhak woumba njerwa anati ndimupatse,
moto wa uvuni wake umatseka pakamwa chilichonse.
Anandiotchera imodzi, yofiira, yong'aluka pakona.
Ili pawindo m'mtsuko wa madzi owawasa,
Lachisanu lililonse ndimatapako dontho
kuona ngati yayamba kuyankhula.
Masabata asanu ndi anayi tsopano, idakali duu.
Sindinaikhulupirirebe.

Madzulo amayi aimba foni.
Akuti lamsika lakwera mtengo,
ndiwatapireko dongo la kuntchito, tsitsi lawo lauma.
Ndatsegula thumba latsopano, losakhudza madzi alionse,
ndawatapira manja awiri m'kapepala,
ndipo ndasamba m'manja kawiri
ndisanamange pakamwa pake.