Kwanu Nkuti?

Msilikali wa ndende ya Nkhotakota anafunsa, cholembera m'manja:
"Ukatuluka muno, kwanu nkuti?"
Twaibu anati, "Ku Kasamba,"
poti mzere wa pafomu sutsala wopanda kanthu.

Zaka zinayi, kaamba ka njinga ya eni.
Anatuluka ndi jumbo yakuda:
malaya awiri, supuni yopindika,
ndi luso lokhoma mipando
lopanda nyundo.

Ku Kasamba nyumba ija idagwa,
njerwa zake pano ndi khola la mbuzi za mlamu.
Mlongo wake Mwanaisha anamulonjerera pampanda,
dzanja lina lili pachitseko:
"Bambo a ana kulibe. Ubwere mawa."

Usiku, pakhonde la chigayo ku Linga,
wailesi ya mlonda ikuti
aphungu akukangana za bilu:
wotuluka m'ndende azipatsidwa pogona miyezi ingapo,
ndi kalata yofunsira ntchito.
Wina akukuwa, "Tilere mbava,
ana amasiye ali pamtetete?"
Mlonda akugwedeza mutu, kuvomereza,
kenaka akusuntha mwendo
kuti Twaibu afunde theka la chiguduli.

Kundende belu likalira
ankawerenga mitu, pasasowe mmodzi.
Kunja kuno
palibe akumuwerenga.