Kalata ya Bambo Wake

Basi ya ku Joni yaima pachipata cha Dedza,
injini ikung'ung'udza,
mphepo ya Juni ikutsika m'phiri ngati yatumidwa.
Tatsika tonse, aliyense kabuku kake pachifuwa
monga tikulowa m'tchalitchi.

Kanga ndi katsopano, masamba akadamatana.
Kanadya matumba khumi ndi anayi a kachewere
ndi nkhumba yomwe inali ndi bere.
Wojambula uja pa boma anati: chotsani duku mayi,
makutu aoneke, ndipo musaseke.
Sindinaseke. Sizinandivute.

Ka Sungeni nako kali apa.
Khadi lachikasu la katemera lili apa.
Chikalata cha kubadwa ndachikulunga
m'pepala la pulasitiki momwe munali shuga.

Mayi wa pawindo, chidindo chili m'mwamba,
wayang'ana mwana, wayang'ana ine.
"Kalata ya bambo wake ili kuti,
yovomereza kuti mwanayu atuluke?
Kutsogoloku akakufunsani, akakubwezani muli kutali."

Ndati, bambo wakeyo
ndi amene tikukafuna.

Lufeyo anaima pawindo lomweli
mwanayu ndili naye kumsana.
Munamudindira masiku makumi atatu.
Masiku makumi atatuwo sanathe mpaka lero,
mwana wayamba sitandade wanu.
Ndikaimba foni amayankha ndi mayi wa m'makina
amene sapsa mtima, satopanso.

"Ndiye asaine, atumize."
Mayi, akanakhala wolemba makalata
bwenzi ndili pano?

"Ngati anamwalira, bweretsani chikalata cha imfa."
Nachonso ndilibe.
Fufuzani m'kabatimo,
mwina muli fomu ya munthu amene sanafe,
sanabwere,
wangoti zii.

Panja mbuzi zitatu zadutsa pansi pa chitsulo
kupita ku Mozambiki, msilikali sanatembenuke.
Wakabaza wabwerako ndi makatoni a sopo,
anyamata osintha ndalama akukupiza mametikashi ngati nkhunda.
Fumbi likuwoloka. Utsi wa tchipisi ukuwoloka.
Tambala wa tsidya ilo akalira
amadzutsa ndi ife tomwe.

Kondakitala wandikokera kumbali, mpweya wa fodya:
"Ikani kenakake pakati pa masamba, asisi,
pepala limamva pepala linzake."
Kenakake kanali nkhumba ija, achimwene.

Atsitsa chikwama changa padenga.
Muli nyemba za kholophethe zimene amakonda,
ndi juzi yomwe anaiwala pachingwe tsiku lija.
Tikiti sabweza. Zalembedwa kuseri,
tizilembo tating'ono ngati nthata za nkhuku.

Ndabwereranso pawindo kukatenga timabuku.
Mayi uja waika chidindo pansi, pang'onopang'ono,
osandiyang'ana.
"Yambani mwapita kukhoti, mukafotokoze.
Pitani m'mawa, mzere usanatalike."
Kenako, motsitsa mawu, ngati akuuza tebulo:
"Wanganso chino ndi chaka chachitatu."

Basi yalowa, fumbi latseka nambala yake.

Takhala pa mwala pafupi ndi ogulitsa mapichesi ouma.
Sungeni watsegula kabuku kake,
akuwerenga masamba ndi chala chonyowa,
onse oyera, onse opanda banga.

"Amama, kuno ndi ku Joni?"
Ayi, mwanawe, tikadali kwathu.
"Nanga ndingajambulemo adadi?"

Ndamulanda bolopeni msanga.
Ndiye ndaigwira ine,
nthawi yaitali,
mpaka minibasi ya ku Linthipe yaimba hutala.