Atsekwe a pa Emmarentia

Ndimafika kusanache,
chisanu cha Juni chitayera pa kapinga ngati mchere wotayika,
ndipo ntchito yanga yoyamba ndi zitosi.
Atsekwe angati agona pano usiku,
ndimawawerenga ndi fosholo.

Mdala Sekgobela, amene anandisiyira wilibala iyi,
ankati kale mbalamezi zinkadziwa kalendala:
madambo akauma zinkanyamuka,
mvula ikagunda zinkabwera zitaonda, zikulongolola za m'njira.
Lero zipitirenji?
Mipope ikuthirira udzu chaka chonse,
ana a ku Greenside akuponya buledi wa dzulo,
damu siliphwa.
Mapiko alipo, athunthu,
koma ulendo wake ndi wodumpha msewu
kukadya ku bwalo la gofu, madzulo n'kubwerako.

Lachiwiri kunabwera Kgomotso wa ku yunivesite
ndi ukonde, timabotolo ndi jakisoni.
Anati ndimugwirire wamphongo uja
wa banga la khofi pachifuwa.
Mtima wa mbalame unkagunda m'manja mwanga
ngati injini ya makina otchetchera ikamakana kulira.
Kadontho kamodzi ka magazi, kunsi kwa phiko.
Ndinafunsa, mukufunamo chiyani m'menemu?
Iye anati, majini.
Ndinaseka mpaka tsekwe anandijompha chala,
poti kwathu ku Lizulu majini sitiwasaka ndi singano,
timachezera usiku wonse kuwatulutsa.

Anandifotokozera akulemba manambala pa botolo:
mbalame zikamayenda zimakumana pa madziwe a eni,
wa ku Vaal n'kutengana ndi wa ku Limpopo,
magazi n'kumayenda ngati nkhani ya m'basi.
Zikakhazikika, damu lililonse limasanduka mudzi,
msuweni n'kukwatira msuweni,
a ku Zoo Lake mbumba yawo, a kuno mbumba yawo.
Pakati pawo ndi mtunda woyenda wapansi,
koma mwina m'timabotolo umu
ayamba kale kusadziwana.

Usiku ku Rosettenville,
m'chipinda chathu cha kuseri kwa galaja,
ndinayang'anitsitsa Tinenenji ali m'tulo.
Kusukulu amamuti Tina.
Mpata wa mano ndi wa mayi anga, osachita kufunsa,
koma lilime ndi la amake, Mantoa,
ndipo akati "zikomo" amalitchula mosamala
ngati wanyamula dzira la mwini.

Ine ndinadzera pa Mwanza, Tete, Beitbridge,
ndikuti zaka ziwiri zokha:
malata makumi atatu, njinga, ndabwerera.
Chaka chino ndi cha khumi ndi chisanu ndi chimodzi.
Pasipoti inafera m'chikwama.

Komatu makolo anga ananyamukira chakuno,
zishango kumanja, ng'ombe patsogolo,
nawoloka Zambezi, nakwatira kwa eni dziko
mpaka chinenero chawo chinatsalira m'nyimbo za ngoma.
Tsono apolisi akandiimitsa pa Park Station
n'kufunsa kuti kwanu n'kuti,
ndiyankhe za phazi kapena za magazi?

Dzulo kwatera tsekwe wachilendo,
wopanda mphete ya Kgomotso kumwendo,
nthenga zakutha, khosi lowonda.
Eni damu anamuthamangitsa ndi phokoso,
makosi atawongola ngati mikondo,
mpaka anakabisala m'bango, kufupi ndi mlatho.
Ndinamuimbira foni Kgomotso.
Anati musiyeni akhale,
mlendo mmodzi pa m'badwo uliwonse
amakwanira kuti mtundu usadzitsekere m'khola.

Masana ndinanyema buledi wanga pawiri.
Chikwangwani chimaletsa kudyetsa mbalame,
ndine amene ndinachikhoma chaka chatha.
Ndinayang'ana uku ndi uku,
n'kuponya m'bango muja.