Maso a Ukonde

Ku Bergen mvula siifunsa tsiku.
Ikugwa padenga la ofesi, ikugwa padoko,
pa zingwe zonyowa za maboti,
ndipo Gunvor Eikeland wakhala ndi khofi wozizira
kudikira kuti chaka cha 2071 chithe
m'kompyuta yaikulu yakutali,
m'chipinda chomwe iye sanalowemo n'kamodzi komwe.

Nyanja yake ndi ya timabokosi.
Anaidula ngati nsalu,
bokosi lililonse makilomita zana m'litali, zana m'lifupi,
ndipo madzi onse a m'bokosimo amavomera mawu amodzi:
kutentha kumodzi, mchere umodzi,
ulendo umodzi wolowera kumpoto.
Nyanja yaulemu, yosayankha akulu.

Bambo ake, a Torleiv, anakalambira paboti
kumpoto uko, pafupi ndi Lofoten.
Tsiku lina anasuzumira pa sikirini, magalasi ali pamphuno,
n'kuti, "Mwanawe, ili ndi bwalo losesa.
Ali kuti madzi aja ozungulira,
aja amanyamula boti usiku
n'kulibweza pomwe linachokera
ngati munthu woiwala chipewa?"

"Ngaang'ono, bambo, sakwana m'bokosi.
Tinawaika m'nambala imodzi, yongoyerekeza."
Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola.
"Nsomba yopyola diso la ukonde
siifika pasikelo," anatero,
"koma ili m'madzimo, ndipo ikudya."

Choncho analuka wina wa maso aang'ono,
makilomita khumi basi.
Pomwe panali bokosi limodzi panabadwa zana,
nthawi nayo inayamba kuyenda mwa timapazi ta mwana,
chaka chomwe chinkatha asanamalize kapu
tsopano chinkagona masiku.
Analemba makalata opempha maola a kompyuta,
anakanidwa, analembanso.
Dzinja lonse la mdima linadutsa ali pamzere.
Kawiri konse nyanja inaphulika pakati pa usiku,
nambala imodzi itakula kuposa dziko,
iye n'kuyambanso, maso ali gwa.

Lachiwiri lina, m'mawa, anatsegula chithunzi.

Akamvuluvulu a m'madzi!
Mtsinje wofunda uja, womwe unkayenda mowongoka ngati msilikali,
unali utasosoka m'mphepete,
ukutaya timikombero, tina tofunda, tina tozizira,
tikuvina, tikukankhana, tikumezana,
kalikonse katabereka kutentha kumsana
kupita nako kumadzulo, kumene sikanatumidwe,
kukakupereka kwa mphepo m'miyezi yozizira.
Malire a madzi oundana anali atasuntha.
Mvula ya zaka makumi asanu mtsogolo
inali itasamukira chigwa china.

Oddny wa ofesi yoyandikana anaima pakhomo,
jekete likudontha.
"Ndiye yoona ndi iti?"
Gunvor sanayankhe msanga.
Yakaleyo anayenda nayo zaka mazana asanu, maulendo makumi atatu,
amadziwa pomwe imanama ndi kukula kwa bodzalo.
Yatsopanoyi yayenda kamodzi kokha,
ulendo waufupi, wodula,
ndipo sakudziwa ngati chomwe wachiona
ndi khalidwe la nyanja
kapena mwayi wa kamvuluvulu mmodzi
amene anakhotera kumanzere m'malo mwa kumanja.
"Zonse zikuti kukutentha," anatero.
"Zikungokangana za malo, ndi za liwiro."

Madzulo anakwera basi, laputopu ili m'chikwama,
kupita kunyumba ya okalamba ku Sandviken.
A Torleiv anayang'ana nthawi yaitali,
chala chawo chokhakhala chikutsata mkombero umodzi
mpaka unasungunuka pafupi ndi gombe.
Anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Awa ndawadziwa," anatero.
"Koma alipo ena, aang'ono,
aja amangotembenuza ndowa yogwera m'madzi.
Amenewo wawasiya kuti?"

Kunja mvula inali isanaleke.
Gunvor anatseka laputopu,
n'kuwakonzera bulangete lomwe linali litagwa pamaondo.