Tepi ya Buluu

Ku Río Gallegos mphepo sipempha malo.
Galasi la mbali ya dalaivala linatsika Lachiwiri
n'kukana kukweranso,
ndipo kwa masiku asanu ndi anayi ndayenda
ndi pepala la pulasitiki lomatidwa pazenera,
likundiwombera m'manja njira yonse
ngati ndachita chinthu chotamandika.

Galimotoyi inali ya bambo, Peugeot yotuwa
imene inatuluka m'fakitale ine ndisanabadwe.
Eulogio wa kuseri kwa mpanda wasuzumira, ndudu pakamwa:
"Ndi mota imeneyo. Yapsa.
Itanitsa ina ku Buenos Aires, udikire mwezi."
Ndamuthokoza. Sindinaitanitse.

Bambo ankati uziyamba ndi chotchipa.
Ndazula fyuzi, ndaiyang'ana padzuwa,
kaulusi kake kali bwinobwino.
Swichi ndaisinthanitsa ndi ya mbali inayo:
galasi la uko likukwera, likutsika, lomvera ngati kale.
La kuno ayi.
Ndatsamiritsa khutu pachitseko, chala pabatani,
kuti mwina ndimve kubuula m'katimo.
Ngakhale kakuti tcha.

Ndiye masikuluwu, asanu oonekera
ndi lina lobisala kuseri kwa chogwirira.
Timapini titatu tathyoka ndi ukalamba,
chikuto cha chitseko chagwera pamaondo anga,
ndipo m'mimbamo mwatuluka fungo la girizi wakale.
Pansi pake pali ndalama yachitsulo yosagulanso kanthu,
ubweya wa nkhosa,
kapini ka tsitsi kamene mng'ono wanga Herminda
anakalirira tsiku lonse.

Ndakoka mawaya awiri kuchokera ku batire,
ndagunditsa pa mota.
Yadzuka!
Galasi lanyamuka pang'ono, lanjenjemera, laima.
Eulogio wakhosomola,
wakumbukira kuti wasiya ketulo pamoto.

Mota ili moyo, swichi ili moyo,
nanga magetsi akuthera pati?
Ndatenga kababu koyesera,
ndikulondola waya wofiirira pang'onopang'ono.
Apa kayaka. Apanso kayaka.
Apa, pamene chitseko chimagwirana ndi thupi la galimoto,
kupitirira kachubu ka labala kamakwinya aja,
kazima.

Ndafundula labalayo
ndipo ndakumana ndi tepi ya buluu.
Bambo anafikapo kale pano.
Kakulungidwe kake n'kawo, kolowera kumanzere,
poti anali amanzere,
ndi kunsonga kopindidwa
kuti wobwera pambuyo asavutike kumatula.
Chala chimodzi kuchoka pamene analumikiza
waya wafewa ngati chingwe cha nsapato.
Khungu lili lonse, mkuwa waduka m'kati.

Palibe anaudula.
Unapindika m'mawa uliwonse akamapita kudoko,
unapindika pageti ya sukulu mvula ikugwa,
unapindika kuchipatala kuja
kumene ankatsegula, n'kutseka, n'kutsegulanso
asanalimbe mtima kutsika,
mpaka ulusi womaliza unatopa
m'dzanja langa, Lachiwiri, pogula buledi.

Ndadula mbali yofayo.
Ndaika chidutswa chatsopano, chotalikirapo,
kuti chizipinda mosakakamizika.
Mphepo yaziziritsa chowotcherera kawiri konse
mpaka ndachitchinga ndi jekete,
mtovu wasungunuka, walowerera, wagwira.
Tepi ya bambo sindinaichotse.
Yanga ndi yakuda, yolowera kumanja,
ndipo zagundana mapewa mumdima wa labala.

Ndadina batani.
Galasi likukwera mwaulesi,
lalira pakati pomwe linkalirira kale,
lalowa m'malo mwake.
Mphepo yatsala panja, ikukankha.
M'kati muno mwangoti zii
moti ndikumva kupuma kwanga.

Sikuluwu limodzi latsala m'thumba,
kwawo sindikukudziwa.
Zala zanga zakuda zasiya zidindo pagalasi.
Ndalitsitsa. Ndalikweza.
Eulogio watulukanso ndi makapu awiri,
waima pafupi ndi chitseko, akudikira,
ndiye ndalitsitsanso.