Dzina Lobwereka

Lachitatu, Fomu 3, pa Lizulu.
Mphepo ya Juni ikulowera pa zenera lopanda galasi.
Ndikuphunzitsa za ana a Chiyuda
amene ankabisidwa kudenga, pansi pa matabwa,
m'nyumba za anthu osawadziwa,
nkhondo ya ku Ulaya ili m'kati.
Anawaloweza mapemphero a eni nyumba.
Anawavula mayina.

Lufeyo, wokhala kumbuyo, wakweza dzanja:
"Madamu, mwana angakhale chete zaka ziwiri?"

Choko chathyokera m'dzanja langa.

Angathe, Lufeyo. Koma sindinena.

Sindinena za tsidya la msewu uwu,
paja mabasi amaima kugula kabichi,
za usiku umene chigayo cha bambo chinayaka,
mayi nandimanga pakamwa ndi mpango
wonunkha palafini,
n'kutikankhira kumdima, iwo n'kubwerera.
Masiku atatu tinagona m'ngalande za kudimba,
ine ndi mlongo wanga Dumingu,
tikukukuta kachewere wamuwisi ngati mfuko.
Iye anali ndi zaka khumi ndi ziwiri,
msinkhu womwe amfuti ankausaka.
Anatsokomola kamodzi kokha.

Ndinawoloka ndekha.
Phula linali lozizira kumapazi.
Malire onse a mayiko awiri
anali masitepe khumi ndi anayi a mwana.

Anangozo, ogulitsa tomato, sanandifunse kanthu.
Anandifunditsa chiguduli pansi pa benchi lawo,
madzulo nanditenga ngati katundu wotsala pamsika.
"Kuyambira lero ndiwe Elube,
mwana wa mng'ono wanga wa ku Bawi.
Jasinta umusiye kudimba komweko.
Usiku ena amawoloka kudzafunsa za othawa.
Chipwitikizi chako umeze,
ngakhale powerenga zala."

Ndinaphunzira kusacheuka
munthu akaitana dzina langa lenileni.
Mtolo wa nkhuni ndi wopepuka.
Tsiku lina mayi wina pachitsime anati "Jasinta!"
poitana mwana wake,
ine ndowa ili pamutu, khosi gwa,
madzi okha ndiwo anandiulula,
anakhavukira paphewa.

Anangozo tinawaika chaka chatha.
Pamaliro anandiwerengera pamodzi ndi ana awo,
palibe anatsutsa.

Mpaka lero ndalama ndimawerenga kawiri,
mokweza monga onse,
kenaka chamumtima: unu, doyishi, tireshi.
Tsiku la msika, bambo wa imvi zoyamba
akatsokomola kuseri kwa matumba a mbatata,
ndimaima. Ndimamuyang'ana makutu.
A Dumingu anali otambasuka ngati a mleme.

Chitsulo chalira panja.
"Lembani," ndawauza, "ena anapulumuka."
Zolembera zikukanda mapepala.
Lufeyo sanalembe.
"Nanga mayina aja, Madamu, anawabwezera?"

"Ena," ndayankha. "Kawerenge tsamba lotsatira."

Atuluka onse, fumbi la choko likutera pa tebulo.
Ndi chala ndalembapo J,
ndamuyang'ana pang'ono,
ndipo aphunzitsi a masamu asanalowe
ndamufufuta ndi chigongono.