Mkazi Wosadziwika, 1958

Kiyi wa tchalitchi cha pamwamba pa phiri
amasunga Evlambia, m'thumba la epuloni,
pamodzi ndi nthanga za maolivi ndi tikiti yakale ya basi.
Anandipatsa osandifunsa dzina.
"Ukatseke potuluka. Mbuzi za Stamatis
zinatidyera makandulo chaka chatha."

Ndinakwera chamawondo, thukuta kamukamu,
nyanja ya Aigaio ikundizungulira ngati mlonda.
Chitseko chinalira kawiri chisanavomere.
M'katimo mdima wonunkha phula ndi mbewa,
ndipo maso atazolowera, anthu anatuluka m'khoma:
woyera wokwera hatchi yopanda mwendo umodzi,
mngelo amene chinyezi chinamudya phiko,
Maria wamasaya obiriwira ndi ndere.
Wina anawakala maso onsewo ndi msomali.
Komabe ankandiyang'ana.

Ku nyumba ya amonke kuli zipinda makumi anayi
ndi mmonke mmodzi, Bambo Pakomios.
Nthawi ya pemphero akakwana amamenya thabwa ndi nyundo,
go, go, gogogo,
kuitana abale amene ali kale kuseri kwa mpanda,
mafupa awo atasanjidwa pa alumali ngati miphika youma.
Amabwera ndi amphaka basi.
Anandipatsa madzi ozizira ndi siwiti wofewa womata m'mano,
nandiuza kuti denga likudontha pamwamba pa Yohane Mbatizi,
"koma iyeyo madzi anawazolowera."

Masana ndinakhala pa mzati wakugwa wa kachisi
amene mulungu wake anasamuka osasiya uthenga.
Abuluzi ndiwo ansembe tsopano.
Mwala wina anaunyamula alimi kukamangira khola,
zilembo zake zili chadodolido pamwamba pa khomo,
nkhosa zimadutsa pansi pa pemphero tsiku ndi tsiku
osaweramitsa mutu.

Sindinabwerere zimenezi, kunena zoona.
Ndinabwera kudzagulitsa nyumba ya agogo,
loya anachedwa, tsono ndinkangopha tsiku.

Nyumba yosungiramo zakale inali sukulu kale,
zipinda ziwiri, khomo mayuro awiri.
Mnyamata wa matikiti, Fanourios, ankasenda lalanje.
Nyale zadothi. Nangula wodyeka dzimbiri.
Ndalama zokhala ndi nkhope za mafumu ofufutika mphuno.
Chikwakwa, choombera nsalu, nsapato ya mwana imodzi yokha.
Kenako pakona, pafupi ndi chozimira moto,
chithunzi: mkazi atasenza mtsuko paphewa,
akuseka wina amene sanalowe m'chithunzimo.
Pansi pake: Mkazi wosadziwika, 1958.

Mpata wa m'mano uwo ndimaudziwa.
Ndimauona pagalasi m'mawa uliwonse.
Mtsukowo unasweka ku Piraeus ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi,
ndinauswa ndine, ndipo anandikwapula ndi nsapato
kenako analira kuposa ine.

"Achimwene, muli ndi pensulo?"
Fanourios anapukuta zala pa buluku.
Anati malamulo salola, mpaka komiti ikhale,
ndipo komitiyo ndi azakhali ake, amene ali kuchipatala.
Atatero anayang'ana kuzenera nthawi yaitali,
pensulo ataisiya patebulo.

Ndinalemba pang'onopang'ono, dzanja likunjenjemera,
zilembo za kwathu zimene ndinayamba kuziiwala:
Kalliopi, mwana wa Manolis wosoka maukonde.
Ankaopa mabingu. Ankaimba moipa.
Malo anathera pomwepo.

Dzuwa litapendeka ndinabweza kiyi.
Evlambia ankasadzula nyemba pakhonde.
"Watseka?"
Ndatseka.
Anauponya m'thumba, nthanga zija zinachita phokoso.
"Umaponda ngati Kalliopi," anatero,
"chidendene choyamba, ngati nthaka ili nawe ngongole.
Ndinakuona uli kumunsi kwa msewu."

Belu linalira kutsidya, kuchedwa ndi mphindi zisanu ndi ziwiri.
Loya anaimba foni.
Ndinaisiya ilire m'thumba,
ndinakoka mpando, nditenge nyemba zanga.